Mmene ntchito yolemba mbiri ya kwathu ikuyendera: mabanja, mipingo ndi amisiri a kutekiniko

Epulo

Abale, ambiri mwakhala mukufunsa kuti kodi ntchito ija yafika pati, nde ndaona kuti bola ndizilemba mwezi ndi mwezi mmene zikuyendera, kuti inu amene muli kutali, kaya ku Joni kaya ku Lusaka kaya ku Blantyre, muzitsatira komanso muzitikonza pomwe tapotoza. Zomwe tikufuna sizinasinthe. Tikulemba mbiri ya mabanja a midzi yathu kuno kumadzulo kwa Lilongwe, mbiri ya mipingo yomwe inatilera, wa CCAP ndi wa Katolika, komanso ya anthu amene anaphunzira ntchito zamanja pa tekiniko yathu ija kuyambira pomwe inatsegulidwa mpaka cha m'ma 1990. Maina a anthu sindiziika pano mpaka eni ake kapena mbumba yawo itavomera, izi tinagwirizana kale.

Mwezi uno wangothera kupempha chilolezo. Tinayamba ndi a gulupu, iwo anatitumiza kwa anyakwawa awo, kenako kwa abusa ndi akulu ampingo, kenako kwa bambo mfumu ku parishi. Achinyamata ena mu gulu lathu amaona ngati tikuchedwa, koma kuona maso a nkhono nkudekha, mmudzi simungangofika ndi foni nkuyamba kujambula agogo a eni ake mfumu isakudziwa. Funso lomwe latitsata paliponse ndi la minda, anthu akufuna kudziwa ngati zolemba zathuzi sizidzatulukira pa bwalo la milandu tsiku lina. Ndipo akunena zoona kuda nkhawa, chifukwa dera lino linakhudzidwa ndi Lilongwe Land Development Programme yomwe inayamba mu 1968, pomwe minda ya mabanja inapimidwa nkulembedwa ngati ndunda m'dzina la munthu mmodzi woimira banja lonse, ndipo mpaka lero alipo apachibale amene sapatsana moni chifukwa cha dzina lomwe linalowa pa pepala lija. Nde talonjeza pamaso pa mafumu kuti za malire a munda wa wina aliyense sitilemba, olo munthu atatiuza yekha.

Meyi

Tayamba ndi mabuku a mpingo. Ku CCAP a mlembi anatitsegulira kabati nkutulutsa buku la ubatizo, la maukwati, la a mkalasi, ndi mabuku a zokambirana za akulu ampingo. Choyamba chomwe tinaona nchoti mabuku athu sayambira pomwe mapemphero anayambira. Kalelo pano panali nthambi chabe, kasukulu kofolera udzu komwe aphunzitsi amaphunzitsa ana mkati mwa sabata nkulalikira tsiku la Mulungu, ndipo ubatizo umakalembedwa ku siteshoni yaikulu komwe kunali mbusa. Amishoni a Dutch Reformed anayambira ku Mvera mu 1889, a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok, Nkhoma inatsegulidwa 1896, Malingunde 1907, ndipo mpingo wawo unalowa mu CCAP mu 1926. Nde amene mukufuna agogo anu obatizidwa m'ma 1920 kapena 1930 musayembekezere kuti tiwapeza mu kabati yathuyi. Talemba kalata ku sinodi kupempha kuti tikaone zomwe zili kumeneko.

Mabuku omwe alipowo ena ali bwino ndithu koma awiri akale kwambiri chiswe chinawalowa kuchokera kumsana, moti ukatsegula pepala limatsala mmanja. Amenewo sitikuwatsegula kawirikawiri. Tikujambula tsamba lililonse ndi foni pafupi ndi zenera, osayatsa tochi, mmodzi akugwira buku wina akujambula wina akulemba nambala ya tsamba mu kope, kenako buku limabwerera mu kabati tsiku lomwelo. Palibe buku lotuluka pa tchalitchi. Kuwerenga kwake nkomwe kukudya nthawi chifukwa alembi akale amalemba c pomwe ife timalemba ch, ndipo maina amawalemba mmene awamvera, moti munthu mmodzi yemweyo ali ndi kalembedwe kosiyana pa ubatizo, pa ukwati ndi pa kalata yosamukira.

Mabuku a zokambirana za akulu ampingo atipatsa mutu. Muli chuma chambiri mmenemo, chaka chomwe anaumba njerwa, amene anapereka ng'ombe zokokera mitengo, mkangano wa komwe tchalitchi chatsopano chimangidwe. Koma mulinso milandu ya anthu odulidwa, wina wa mowa, wina wa mitala, wina anapezeka ku dambwe, mayi wina anavinitsa mwana chinamwali cha kumudzi mmalo mwa chilangizo cha mpingo. Adzukulu a anthu amenewa ali moyo, ena ndi akulu ampingo lero. Tagwirizana ndi abusa kuti masamba a milandu sitijambula. Tidzangolemba kuti milandu yotere inaliko ndipo inali yambiri, chifukwa kubisa zoti mpingo ndi gule zinalimbana koopsa kuno kungakhale kunama, koma dzina la munthu ayi.

Ku parishi zinthu nzosiyana. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ku Likuni ndi ku Kachebere 1903, ndipo iwo kulemba amakudziwa, kaundula wawo wa ubatizo ali ndi dzina la bambo, la mayi, la mudzi, la womuimira mwana pa ubatizo, ndipo mmbali mwake amadzawonjezera za kulimbitsidwa ndi za ukwati wa munthu yemweyo patapita zaka. Masamba akale ali m'Chilatini nde a katekisiti opuma ndi amene akutithandiza. Chenjezo kwa amene mukuwerengera zaka za makolo anu: munthu wamkulu amakhala zaka 4 akuphunzira asanabatizidwe, nde chaka cha ubatizo si chaka chomwe anayamba kupemphera, komanso si chaka chobadwa.

Juni

Apa nde tagunda khoma lenileni. Mabuku onse, a mpingo ndi a sukulu omwe, amamutchula munthu ndi dzina la bambo ake. Koma kwathu kuno mudzi umayima pa amayi. Mwamuna amabwera chikamwini, mwina nkukhala zaka zochepa, ukwati ukatha kapena akapita ku Halale osabwerako ana amatsala ndi mayi awo ndi amalume awo. Nde mu buku la ubatizo ana a mimba imodzi akuoneka ngati mabanja atatu osiyana, pomwe mmudzi aliyense akudziwa kuti ndi bere limodzi. Mfunda nawo sukuthandiza kwenikweni, a Phiri ndi a Banda ali tsamba lililonse. Tasintha fomu yathu yolembera mabanja. Tsopano ikuyambira pa agogo aakazi amene akukumbukiridwa, kenako ana awo, kenako mwini mbumba wa nthawi imeneyo, amuna okwatira akubwera pambuyo limodzi ndi mudzi womwe anachokera, ndipo pomwe panali chitengwa tikulemba padera kuti mkazi anatengedwa kupita kuti.

Amene anatiphunzitsa zimenezi ndi agogo ena aakazi a kutsidya kwa dambo. Titawafunsa za makolo awo sanayankhe msanga, anatuma kamdzukulu kukatola timiyala, nkuyamba kutiyala pa mphasa mzere ndi mzere. Mwala waukulu pamwamba ndi agogo awo amene anabwera ndi mudzi, pansi pake ana aakazi, aliyense ndi mzere wake wotsika, ana aamuna amawaika pambali pang'ono chifukwa ana awo ali kwa eni. Akafika pa mwana amene anamwalira ali wakhanda amaika kamwala kenako nkukaphimba ndi chala kanthawi asanapitirire. Ana amenewa mu buku lililonse mulibe. Tinajambula mphasa yonseyo kenako tinalemba dzina pa mwala uliwonse mu kope, ndipo njira imeneyi ndi yomwe tikugwiritsa ntchito pa khomo lililonse panopa, achikulire akuimva msanga kuposa fomu.

Za zaka zobadwa musadalire kwambiri zomwe zili pa ziphaso za unzika zomwe anthu analembetsa mu 2017, achikulire ambiri akutiuza okha kuti chaka anangochiganizira pamzere pomwepo. Chomwe chikuthandiza ndi kufunsa zochitika. Amayi awo amati anabadwa nthawi ya fuluwenza, nde ndi 1918 kapena 1919. Wina chaka cha dzombe, m'ma 1930. Wina bambo ake ali ku nkhondo ndi asilikali a Keyala (King's African Rifles) ku Burma. Wina amakumbukira kuti anali kamtsikana nthawi ya malimidwe pomwe alangizi amakakamiza mizere ndi migula, wina anali ndi mwana woyamba kumbuyo pomwe anthu amamangidwa mu Malichi 1959. Mukaphatikiza ziwiri zitatu zoterezi ndi tsamba la ubatizo munthu amagwera mu zaka zake bwinobwino.

Nkhani ya machona ndi yomwe ikuliritsa anthu. Pafupifupi mzere uliwonse wa timiyala uli ndi mwamuna amene anapita ku Salisbury, ku Wankie kapena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe limalemba anthu ntchito ya kumigodiko. Ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera, ena kalata zinangosiya kubwera. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu, kenako zinayambiranso pansi pa TEBA, dzina latsopano la Wenela, mpaka 1988. Chomwe chatipatsa chiyembekezo nchoti mishoni ya ku Nkhoma inatumiza a Vlok ku Salisbury mu 1912 kukasamalira akhristu a kuno amene amagwira ntchito kumeneko, nde makalata osamukira amayenda mbali zonse ziwiri. Mu kabati yathu tapezamo angapo ochokera uko. Ngati alipo wa ku Harare amene akuwerenga izi ndipo agogo ake ankati kwawo ndi ku Lilongwe, tiuzeni mudzi ndi mfumu yomwe amatchula, mwina mwala wawo uli pa mphasa ina kuno.

Julayi

Mwezi uno tinali pa tekiniko ndi kwa amene anaphunzira pamenepo, ndipo ndinene poyera kuti mbali iyi ndi yomwe yandigwira mtima kwambiri. Aphunzitsi aakulu anatilandira bwino nkutionetsa buku lolembera ophunzira atsopano. Zaka zina mulibe, masamba ena anachoka, koma zomwe zatsala nzokwanira kuyambirapo, chifukwa pa dzina lililonse pali mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi ntchito yomwe mnyamata anadzaphunzira, ukalipentala, kumanga, umakaniko, kenako kuwotcherera. Danga la mudzi ndi mfumu lija ndi lomwe likulumikiza zonse. Ukapeza dzina mu buku la sukulu umabwerera ku fomu ya mabanja nkuona kuti ndi mwana wa bere liti, nkupitanso ku buku la mpingo nkumupeza pa ukwati wake, mwina nkumupezanso mu zokambirana za akulu ampingo atapatsidwa ntchito yokhoma denga. Poyamba timayesa kuti tili ndi ntchito zitatu, panopa tikuona kuti ndi anthu amodzimodzi olembedwa mmabuku atatu. Komanso ngakhale sukulu inali ya mishoni, anyamata amachokera ku mipingo yonse iwiri, ena osapemphera nkomwe.

Takumana ndi madala angapo amene anaphunzira m'ma 1960 ndi 1970. Onse amayamba nkhani ndi tiredi tesiti, mayeso a boma a amisiri, kuti giredi 3 anakhoza liti, giredi 2 liti, ndipo amene anafika giredi 1 amakuuza usanafunse. Setifiketi amasunga mu pulasitiki mkati mwa Buku Lopatulika kapena pansi pa sutikesi. Ambiri atangomaliza anapita ku tauni chifukwa nthawi imeneyo likulu limasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, zomwe zinatheka mu 1975, nde amisiri amafunika ngati mvula, ku Capital Hill, ku nyumba za ma Area, ku chipatala chachikulu, kenako pa njanji yochokera ku Salima yomwe inafika ku Lilongwe mu 1979 nkupitirira ku Mchinji. Ena analowa mma esiteti a fodya kumanga zigafa ndi kukonza mathirakitala. Mmodzi anationetsa timapepala ta malipiro, toyamba tili mu mapaundi totsatira mu makwacha, nde tinadziwa pompo kuti ntchito anayamba isanafike 1971 pomwe ndalama inasintha.

Koma amene ine ndikufuna kuti tiwalembe mosamala ndi aja anabwerera kumudzi. Ngolo zomwe zinasenza fodya ndi chimanga kupita ku ADMARC anapanga ndi iwowa. Zitseko, mafelemu, madesiki a ku pulayimale, mabokosi a maliro usiku wonse pa nyali osalipiritsa, ndi iwowa. Sabata yapitayi tinapita ku tchalitchi ndi bambo ena achikulire amene anali kalipentala, maso ayamba kuchita mdima koma manja akadali olimba. Anayenda pakati pa mabenchi akusisita ndi dzanja, nkuima pa limodzi la kumbuyo nkutiuza kuti titembenuze. Pansi pake panalibe msomali ngakhale umodzi, mwendo unalowa mu bowo lake nkukhomedwa ndi kamtengo, thabwa la mlombwa lakuda bii ndi zaka, ndipo pakona panali timizere titatu tosema. Anati chimenecho chinali chizindikiro chawo, kuti aphunzitsi akamayendera ntchito adziwe benchi la ndani, ndipo mnzawo amene amagona naye chipinda chimodzi amaika kamtanda. Tinatembenuza mabenchi onse akale tsiku limenelo. Timizere titatu tinapezeka pa angapo, kamtanda kanapezekanso, ndi zizindikiro zina ziwiri zomwe bambowo anazizindikira nkutchula eni ake ndi midzi yawo. Mwini kamtanda anamwalira kalekale, ana ake amapemphera mu tchalitchi momwemo ndipo samadziwa kuti akukhalira ntchito ya bambo awo. Tinawaitana kudzaona, mwana wawo wamkazi anagwada pansi nkujambula ndi foni yake.

Apa mpomwe ndikufuna mundimvetse chifukwa chomwe ndikuumirira pa mbali iyi. Mukawerenga za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre mumva kuti anamanga ndi David Clement Scott pakati pa 1888 ndi 1891, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo nzoona, ulemu wake ndi womuyenera. Koma njerwa zija anaumba ndi kuwotcha ndi anthu a komweko, anakwera pamwamba ndi iwowo, ndipo maina awo sitiwamva. Ku Livingstonia a Robert Laws anatsegula Overtoun Institution mu 1894 nkumaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, ku Blantyre kunabwera Henry Henderson Institute mu 1909, amisiri otuluka mmenemo anamanga dziko lino ndi maiko oyandikana nawo, koma mbiri imakumbukira sukulu ndi mzungu woyambitsa. Ndipo ifenso tikuchita zomwezo tokha, pa mwala wa maziko wa tchalitchi chathu pali dzina la abusa ndi la mlendo wolemekezeka amene anadzatsegula, womanga palibe. Mu buku lathuli nyumba iliyonse ya mpingo kapena ya sukulu tikufuna ilembedwe ndi amene anaika levulo, amene anakhoma mitanda, ndi midzi yomwe inaumba njerwa ndi kutunga madzi. Zimenezi zikadatheka panopa chifukwa odziwa ena akadali moyo.

Ogasiti

Mwezi wovuta. Mphepo, chifuwa, maliro motsatizana, masiku ambiri sitinagwire ntchito chifukwa tinali ku masiwa. Mwa omwalirawo muli bambo ena omanga amene tinacheza nawo kamodzi mu Julayi ndipo tinapangana kuti tidzapitenso akatiuze za mmene anakwezera khoma la kutsogolo kwa tchalitchi cha Katolika. Zomwe tinajambula tsiku lija ndi zokhazo zomwe zilipo za mawu awo, tapereka kope yake kwa amayi a kunyumbako. Kuchokera pamenepo tasintha dongosolo, mabuku atha kudikira, ali mu kabati ndipo tinawajambula kale, koma anthu opitirira zaka 80 tikuwaona kaye onse mwezi uno ndi wamawa olo mafunso asanakonzeke bwino.

Pali magulu awiri omwe buku la sukulu silikuwaonetsa. Loyamba ndi la aja anaphunzira kwa ophunzira. Kalipentala aliyense amene anabwerera kumudzi anali ndi anyamata pansi pa mtengo wa mango, mphwake, mlamu wake, mwana wa mnzake, amayamba ndi kugwira thabwa ndi kunola pulena mpaka kudziwa ntchito yonse, opanda setifiketi. Amisiri ambiri amene akugwira ntchito mmidzi mwathu lero ndi zidzukulu za tekiniko mwa njira imeneyi ngakhale sanapondeko. Nde pa dzina la wophunzira aliyense tawonjezera funso loti anaphunzitsa ndani, ndipo mayankho ake akutalika kuposa mmene timaganizira. Za nthawi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, tasiya dala, imeneyo ndi nkhani ina ndipo zolemba zake zilipo kale mma ofesi.

Lachiwiri ndi amayi. Mu masamba akale a buku la sukulu dzina la mtsikana simulipeza. Koma amayi a Chigwirizano ndi a mabungwe a ku Katolika akutiuza mmene amatungira madzi oumbira njerwa kuyambira mbandakucha, kusenza mchenga ku dambo, kuphikira amisiri mosinthana mudzi ndi mudzi, ndipo ena anaphunzira kusoka ndi kuluka kwa masisitere kapena kwa amayi abusa nkuphunzitsa ana sukulu ndi makina amodzi. Amayi awiri mu gulu lathu atenga mbali imeneyi okha, chifukwa taona kuti pakakhala mwamuna pa zokambirana achikulire aakazi amafupikitsa nkhani.

Sepitembala

Kwabuka kamkangano koti ndani anayamba kufika kuno, a CCAP kapena a Katolika, ndipo mbali iliyonse ikufuna kuti buku linene kuti ndi iwo. Nthawi ya amishoni mpikisano unalipodi, aliyense amathamangira kwa mfumu kuti aike sukulu yake mnzake asanafike, ndipo midzi ina mpaka lero ndi ya mpingo umodzi chifukwa cha zomwe nyakwawa ina inavomera kalekale. Ife tilemba zomwe buku lililonse likunena ndi zomwe achikulire a mbali iliyonse akukumbukira, moyandikana, owerenga adzaone okha. Chomwe timiyala tija tikuonetsa nchoti mabanja ndi osakanikirana kotheratu, palibe bere lomwe mulibe onse awiri, ndi a gule omwe.

Zithunzi za mabuku ndi mawu ojambulidwa tsopano zili malo atatu, pa laputopu, pa hadi diraivi yomwe ikusungidwa nyumba ina, ndi pa intaneti. Mpingo uliwonse ulandira kope ya mabuku ake okha. Kulemba pa kompyuta zomwe achikulire anayankhula nkomwe kwatsalira kwambiri, tafika mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa tikulemba mmene munthu anayankhulira osakonza Chichewa chake, ndipo pamafunika khutu lozolowera mayankhulidwe a achikulire a kuno. Amene muli ndi nthawi madzulo tiuzeni pa WhatsApp tikutumizireni fayilo imodzi imodzi, koma muvomere kaye kuti simugawira wina.

Mwezi wamawa awiri a ife apita ku National Archives ku Zomba. Za boma zakale kwambiri zambiri zinapsa ndi moto wa mu 1919, nde ife tikukafuna za pambuyo pake, mabuku a ma DC a Lilongwe omwe amalemba midzi ndi mafumu, ndi malipoti a dipatimenti ya maphunziro yomwe inayamba mu 1926, momwe timayembekezera kupeza masukulu a mmidzi mwathu ndi za tekiniko. Yankho la ku sinodi tikudikirabe. Ndipo pempho lapadera kwa inu amene bambo anu kapena amalume anu anaphunzira pa tekiniko: musataye bokosi la zida olo zitachita dzimbiri, yang'anani pa chivindikiro mkati ndi pa chigwiriro cha pulena kapena sikweya ngati pali chizindikiro chosema, mujambule nkutitumizira limodzi ndi dzina la mudzi. Zizindikiro ziwiri zomwe tinapezanso pa mabenchi a ku pulayimale sizinapezebe eni ake, chimodzi ndi kabwalo kokhala ndi kadontho pakati, china chili ngati chilembo cha V chogona chammbali.